Njira za masamu zodziwira kagwiridwe ntchito ka makinase

Njira za masamu zodziwira kagwiridwe ntchito ka makinase ndi njira zowerengera zimene akatswiri a sayansi ya zamoyo amagwiritsa ntchito pofuna kudziwa kuti m'selo ndi makinase ati amene akangalika, ndipo ndi ati amene azilala. Kinase ndi mtundu wa enzyme, ndiye kuti puloteni yofulumizitsa ntchito za m'thupi, ndipo ntchito yake ndi kumata kachidutswa kotchedwa phosphate pa mapuloteni ena. Makina a m'labotale amatha kuyeza kuchuluka kwa phosphate pa malo zikwizikwi nthawi imodzi, koma sanena kuti wamatapo ndani. Masamu amalowerera pamenepo. Pa Chingerezi ntchitoyi imatchedwa kinase activity inference.

Ganizo lake ndi lija la mlimi amene wafika m'munda wa chinangwa m'mawa n'kupeza mbewu zakumbidwa. Nyamayo sanaione, koma akayang'ana mapazi ndi kakumbidwe kake amadziwa ngati inali nguluwe kapena nungu. Akapeza phazi limodzi lokha akhoza kusokonezeka, koma akapeza ambiri ofanana amatsimikiza. Kinase nayenso saoneka ali pantchito. Chimene chimaoneka ndi phosphate amene wasiya pa mapuloteni.

Kinase ndi phosphate

Puloteni ili ngati chingwe cha mikanda, ndipo mkanda uliwonse ndi amino acid. Pali mitundu 20 ya ma amino acid, koma m'maselo a munthu phosphate amamatidwa kwenikweni pa mitundu itatu: serine, threonine ndi tyrosine. Kinase amatenga phosphate ku ATP, kamolekyu konyamula mphamvu m'selo, n'kumumata pa umodzi mwa mikanda imeneyi. Mu phosphate muli phosphorus, yemwe ndi P uja wolembedwa pa thumba la feteleza wa NPK. Phosphate akamatidwa, puloteni imasintha pang'ono kaumbidwe kake. Ina imadzuka n'kuyamba ntchito, ina imaleka, ina imasamukira mbali ina ya selo. Palinso ma enzyme ena otchedwa phosphatase amene amamatula phosphate uja, kotero kuchuluka kwa phosphate pa malo aliwonse kumadalira kukokana kwa magulu awiriwa.

Edmond Fischer ndi Edwin Krebs a ku University of Washington ku Seattle anasonyeza mu 1955 kuti enzyme ina ya m'minofu imayatsidwa ndi kuzimitsidwa pomata ndi kumatula phosphate, ndipo analandira mphoto ya Nobel mu 1992. Mu 1979 Tony Hunter wa ku Salk Institute anapeza kuti tyrosine nayenso amamatidwa phosphate. Mu 2002 Gerard Manning ndi anzake anawerenga majini a munthu n'kupeza makinase 518.

Makinase akasokonekera pamabuka matenda. Chitsanzo chodziwika ndi khansa ya m'magazi yotchedwa chronic myeloid leukaemia, momwe kinase wolakwika wotchedwa BCR-ABL amakhala woyaka usana ndi usiku ndipo maselo oyera amaswana mosalekeza. Mankhwala a imatinib, amene anavomerezedwa ku America mu 2001, amatseka kinase ameneyu. Kuyambira pamenepo mankhwala oposa 70 otseka makinase avomerezedwa. Koma chotupa sichikhala ndi kinase mmodzi wodziwika nthawi zonse, ndipo dokotala kapena wofufuza amafuna kudziwa kuti mwa makinase mazanamazana aja, amene akuyendetsa matendawa ndi uti.

Kumene manambala amachokera

Wofufuza amatenga maselo kapena kachidutswa ka chotupa, amatulutsamo mapuloteni, kenako amawaduladula ndi enzyme yotchedwa trypsin. Tizidutswa tokhala ndi phosphate timakhala tochepa kwambiri poyerekeza ndi tina, choncho amatisefa kaye pogwiritsa ntchito titanium dioxide kapena timikanda tokhala ndi chitsulo, timene phosphate amakanirirapo. Kenako tizidutswato timalowa m'makina otchedwa mass spectrometer amene amayeza kulemera kwa kachidutswa kalikonse. Phosphate amawonjezera kulemera kwa pafupifupi 80 pa muyeso wa dalton, ndipo n'chizindikiro chimenechi chimene makina amagwira. Mu 2006 Jesper Olsen ndi Matthias Mann anayeza malo 6,600 pa mapuloteni 2,244 m'maselo a HeLa, ndipo anapeza kuti pa malo 100 aliwonse, pafupifupi 86 anali serine, 12 threonine, ndipo 2 okha tyrosine. Masiku ano kafukufuku mmodzi amatha kuyeza malo oposa 20,000.

Zotsatira zimabwera ngati tebulo lalitali. Mzere uliwonse ndi malo amodzi pa puloteni inayake, ndipo pambali pake pali nambala yosonyeza mmene phosphate wasinthira poyerekeza mbali ziwiri, mwachitsanzo maselo opatsidwa mankhwala ndi maselo osapatsidwa. Kusinthaku amakulemba pa muyeso wa log2. Pa muyeso umenewu 0 akutanthauza kuti palibe chasintha, 1 akutanthauza kuti phosphate wachuluka kawiri, 2 kanayi, ndipo −1 akutanthauza kuti wachepa ndi theka. Tizindikire kuti njira zambiri sizinena mphamvu ya kinase payokha. Zimangonena kuti yakwera kapena yatsika poyerekeza ndi mbali inayo.

Phosphate sachedwa kusintha. Mu 2014 Philipp Mertins ndi anzake a ku Broad Institute anasiya zidutswa za zotupa kwa mphindi zosiyanasiyana asanaziumitse ndi chisanu. Kuchuluka kwa mapuloteni sikunasinthe kwenikweni ngakhale patapita ola limodzi, koma phosphate wa pa malo ambiri anasintha, ena mkati mwa mphindi zisanu zokha, makamaka malo okhudzana ndi kuvutika kwa selo. Choncho chinthu chotengedwa m'thupi la wodwala n'kuyenda nacho pa njinga yamoto kapena pa boti kwa maola angapo, monga mmene ulendo wochokera ku Usisya ungakhalire, sichingagwirenso ntchito imeneyi pokhapokha chitaumitsidwa pomwepo, kawirikawiri mu liquid nitrogen. Masamu sangabweze phosphate amene wasintha m'njira.

Mndandanda wa kinase ndi malo ake

Njira zonse zimafuna chinthu chachiwiri kuwonjezera pa tebulo lija: mndandanda wonena kuti kinase wakuti amamata malo akuti ndi akuti. Nkhokwe yogwiritsidwa ntchito kwambiri ndi PhosphoSitePlus, imene imasamalidwa ndi kampani ya Cell Signaling Technology ku Massachusetts, momwe anthu amawerenga malipoti a sayansi n'kumalemba zimene zatsimikizidwa m'labotale. Palinso Phospho.ELM ndi SIGNOR.

Vuto ndi lakuti mndandandawu ndi waufupi. Elise Needham ndi David James a ku Sydney analemba mu 2019 kuti mwa malo onse a phosphate odziwika mwa munthu, osakwana 5 pa 100 aliwonse ndi amene kinase wake akudziwika. Malo ochepawo nawonso sanagawidwe mofanana: makinase 20 pa 100, omwe ndi otchuka monga AKT, PKA, CDK1 ndi SRC, ali ndi pafupifupi 90 pa 100 ya malo onse olembedwa, pomwe makinase oposa 100 alibe ngakhale malo amodzi. Kinase wopanda malo olembedwa saoneka n'komwe pa zotsatira, ngakhale atakhala kuti ndiye mwini matenda.

Pofuna kutalikitsa mndandanda, ofufuza amalosera. Kinase aliyense ali ndi mikanda imene amakonda kuti ikhale pafupi ndi malo ake. Makinase a CDK amafuna proline pambuyo penipeni pa serine kapena threonine. ATM ndi ATR amafuna glutamine pamenepo. AKT amafuna arginine pa mkanda wachitatu ndi wachisanu kubwerera m'mbuyo. Pulogalamu ya NetworKIN, imene Rune Linding ndi Tony Pawson anatulutsa mu 2007, imaphatikiza zokonda zimenezi ndi umboni wakuti mapuloteni awiriwo amakumanadi m'selo. Mu 2023 Jared Johnson, Lewis Cantley, Michael Yaffe, Benjamin Turk ndi anzawo anayeza m'labotale zokonda za makinase 303 a serine ndi threonine, ndipo chaka chotsatira anachita chimodzimodzi ndi makinase a tyrosine. Kulosera kumachulukitsa malo, koma kumabweretsanso olakwika, chifukwa makinase apachibale monga AKT, S6K ndi RSK amakonda mikanda yofanana kwambiri.

Njira ya KSEA

Njira yotchuka kwambiri ndi Kinase-Substrate Enrichment Analysis, mwachidule KSEA. Inafalitsidwa mu 2013 m'magazini ya Science Signaling ndi Pedro Casado ndi Pedro Cutillas a ku Barts Cancer Institute ku London, amene ankafufuza khansa ya m'magazi yotchedwa acute myeloid leukaemia. Mu 2017 Danica Wiredja, Mehmet Koyutürk ndi Mark Chance a ku Case Western Reserve University anaiika pa intaneti m'dzina la KSEA App.

Funso la KSEA ndi losavuta: kodi malo a kinase ameneyu asintha mosiyana ndi malo ena onse? Limafanana ndi funso la mphunzitsi wamkulu amene akufuna kudziwa ngati ana ophunzitsidwa ndi mphunzitsi wina akhoza kuposa sukulu yonse. Amatenga avareji ya malikisi a anawo n'kuchotsapo avareji ya sukulu yonse. Koma kusiyanako pakokha sikukwanira. Ngati anawo ndi anayi okha, mwina anangopezeka kuti ndi anzeru kale. Ngati ndi 40, mwayi wokha sungafotokoze. Ayeneranso kuona mmene malikisi a sukuluyo amabalalikira, chifukwa pa sukulu pamene ena amapeza 10 ena 95, kusiyana kwa malikisi asanu si kanthu.

Zinthu zitatuzi zimalowa mu nambala imodzi yotchedwa z-score:

z = (s − p) × √m ÷ d

Apa s ndi avareji ya kusintha kwa malo a kinase uja, p ndi avareji ya malo onse a m'tebulo, m ndi chiwerengero cha malo a kinase amene apezeka m'tebulo, ndipo d ndi muyeso wa kubalalika kwa manambala onse, umene pa Chingerezi umatchedwa standard deviation.

Tiyeni tiyerekeze ndi manambala ongopeka. Tinene kuti p ndi 0 ndipo d ndi 1. Kinase woyamba ali ndi malo 16 m'tebulo, ndipo avareji yawo ndi 0.75. Popeza √16 ndi 4, z ndi 0.75 × 4 ÷ 1, yomwe ndi 3. Kinase wachiwiri ali ndi malo 4 okha, avareji yawonso ndi 0.75. Popeza √4 ndi 2, z ndi 1.5. Mwachizolowezi z yoposa 1.96, kapena yotsika kuposa −1.96, ndi imene imatengedwa kuti siyangozi, chifukwa mwayi wokha umatulutsa nambala yotero kasanu pa maulendo 100. Ndiye kuti kinase woyamba tinganene kuti wakangalika, koma za wachiwiri umboni ndi wosakwanira, ngakhale malo awo anakwera mofanana. Pachifukwa chimenechi ofufuza ambiri sawerengera kinase amene ali ndi malo ochepera atatu kapena asanu.

Pali msampha wina. Munthu akayesa makinase 100 nthawi imodzi, pafupifupi asanu adzadutsa malire aja mwangozi ngakhale m'selo musanasinthe kanthu. Pofuna kuchepetsa chinyengochi amagwiritsa ntchito njira imene Yoav Benjamini ndi Yosef Hochberg anafalitsa mu 1995, imene imakhwimitsa malire molingana ndi kuchuluka kwa mafunso ofunsidwa, kuti mwa makinase amene atchulidwa kuti asintha, abodza akhale gawo laling'ono lodziwika.

Z-score imaganiza kuti malo aliwonse ndi mboni yoima payokha, ndipo apa ndi pamene imafooka. Kawirikawiri malo angapo amakhala pa puloteni imodzi ndipo amakwera kapena kutsika limodzi. Malo 16 akhoza kukhala pa mapuloteni asanu okha. Zili ngati mboni 16 pabwalo la amfumu, koma zambiri mwa izo zinamva nkhaniyo kwa munthu mmodzi. Zikatero √m imakula mopyola muyeso ndipo z imaoneka yamphamvu kuposa mmene ilili.

Njira zina

Njira yachiwiri inabwerekedwa ku Gene Set Enrichment Analysis, imene Aravind Subramanian ndi anzake anafalitsa mu 2005 pofufuza majini. M'malo mwa avareji, malo onse amandandalikidwa kuyambira amene akwera kwambiri mpaka amene atsika kwambiri. Kompyuta imatsika mndandandawo mzere ndi mzere. Ikakumana ndi malo a kinase amene akufunsidwa imawonjezera nambala, ikakumana ndi ena imachotsera. Ngati malo a kinase aunjikana kumwamba, nambalayo imakwera msanga n'kufika patali. Ngati amwazikana paliponse, imangoyendayenda pafupi ndi 0. Pofuna kudziwa ngati kuunjikanako n'kwangozi, kompyuta imasakaniza mayina ngati pochita maere, maulendo 1,000 kapena kuposa, n'kuona kuti ndi kangati pamene maere atulutsa nambala yaikulu chomwecho. Njira ya PTM-SEA, ya Karsten Krug ndi anzake mu 2019, ndi ya mtundu umenewu, ndipo imasamalanso zoti malo ena amayenera kutsika pamene ena akukwera.

Njira yachitatu imalimbana ndi vuto la malo ogawana. Mwana mmodzi akhoza kuphunzitsidwa ndi aphunzitsi awiri, ndipo malo amodzi akhoza kumatidwa ndi makinase angapo. Tinene kuti malo a kinase A yekha akwera ndi 1, malo a kinase B yekha sanasinthe, ndipo malo amene awiriwa amagawana akwera ndi 1. KSEA idzaika malo ogawanawo pa avareji ya B, ndipo B adzaoneka ngati wakwera pang'ono. Munthu woganiza bwino akuona kuti A yekha ndi wokwanira kufotokoza zonse. Njira za regression zimachita zomwezo mwa masamu: zimaganiza kuti kusintha kwa malo aliwonse ndi kuphatikiza kwa mphamvu za makinase onse amene amamata malowo, kenako zimafufuza mphamvu zimene zikugwirizana bwino kwambiri ndi tebulo lonse nthawi imodzi. IKAP, ya Marcel Mischnik ndi anzake mu 2016, ndi chitsanzo. Ganizoli ndi lokoma, koma makinase awiri akakhala ndi malo pafupifupi ofanana, masamu amalephera kuwalekanitsa ndipo mayankho amagwedezeka.

Njira zatsopano zimayesa kudzaza mipata. RoKAI, ya Serhan Yılmaz ndi Koyutürk mu 2021, imaona malo ndi mapuloteni ngati mawaya a magetsi olumikizana, kotero kuti nambala ya malo amodzi imakonzedwa poyang'ana anansi ake isanalowe mu z-score. KSTAR, yochokera m'labotale ya Kristen Naegle ku University of Virginia mu 2022, imangofuna kudziwa ngati malo apezeka kapena ayi, ndipo imayesa mindandanda yambiri yoloseredwa m'malo modalira umodzi. INKA, ya gulu la Connie Jimenez ku Amsterdam mu 2019, imaphatikiza malo amene kinase amamata ndi phosphate wa pa thupi la kinase mwini wake. Izi zili ndi maziko, chifukwa makinase ambiri amayatsidwa nawonso ndi phosphate. ERK1, mwachitsanzo, amayaka akamatidwa pa threonine 202 ndi tyrosine 204.

Kodi njira yabwino ndi iti

Poyesa njirazi, ofufuza amatenga kafukufuku amene yankho lake likudziwika kale, monga maselo opatsidwa mankhwala otseka kinase wodziwika, n'kuona ngati njirayo ikumuloza. Claudia Hernandez-Armenta ndi Pedro Beltrao a ku European Bioinformatics Institute anachita zimenezi mu 2017. Anapeza kuti z-score ndi njira ya kundandalika ija zinaposako zina pang'ono, koma kusiyana sikunali kwakukulu, ndipo chimene chinasintha zotsatira kwambiri ndi kuchuluka kwa malo odziwika a kinase aliyense. Kafukufuku wina wamkulu wa mu 2025, wa Sophia Müller-Dott, Julio Saez-Rodriguez, Bing Zhang ndi anzawo, anafika pa mfundo yofanana: njira zosavuta sizigonja kwa zovuta, ndipo kusankha mndandanda n'kofunika kuposa kusankha masamu. Kwa wophunzira amene akuyamba kumene, n'kwanzeru kuyamba ndi z-score n'kuthera nthawi yambiri akuunika mndandanda wake.

Pali zolakwika zimene njira iliyonse ingagweremo. Phosphate akhoza kuchuluka chifukwa puloteni yeniyeniyo yachuluka, osati chifukwa kinase wakangalika, choncho ndi bwino kuyezanso kuchuluka kwa mapuloteni n'kuchotsera. Akhozanso kuchuluka chifukwa phosphatase wafooka, koma njirazi zimapereka mlandu wonse kwa kinase. Makina nawonso saona malo onse nthawi zonse. Malo amene aoneka lero akhoza kusowa mawa, ndipo kusowako nthawi zina kumatanthauza kuti phosphate wachepa zedi, nthawi zina kuti makina angophonya. Pomaliza, makinase amayatsana okhaokha motsatizana, kotero mankhwala otseka mmodzi amazimitsanso ena a kumunsi kwake. N'chifukwa chake zotsatira za masamuwa zimatengedwa ngati zolozera, ndipo zimatsimikizidwa ndi kuyesa kwina m'labotale.

Malungo ndi likodzo

Njira zonsezi zinapangidwira maselo a munthu, makamaka a khansa. Koma tizilombo toyambitsa matenda tilinso ndi makinase, ndipo kwa anthu a ku Mpamba, Chintheche, Kande ndi madera ena a m'boma la Nkhata Bay, kumene mvula imagwa yambiri ndipo udzudzu sutha, nkhani yaikulu ndi ya malungo. Dziko la Malawi linasiya chloroquine mu 1993 n'kuyamba SP, ndipo linali loyamba mu Africa kutero. Mu 2007 linasiyanso SP n'kuyamba LA. Maulendo onse awiri chifukwa chinali chimodzi: kachilombo kanazolowera mankhwala. Kuyambira 2020 kwapezeka tizilombo tochedwa kufa ndi artemisinin, yemwe ndi msana wa LA, ku Rwanda, Uganda, Eritrea ndi Tanzania. Mankhwala ogwira mwa njira yatsopano akufunika, ndipo makinase a kachilombo ndi ena mwa malo amene akatswiri akuyang'anako.

Kachilombo ka Plasmodium falciparum kali ndi makinase pakati pa 85 ndi 100. Ambiri ndi osiyana ndi a munthu, ndipo gulu lenileni la makinase a tyrosine mulibemo. Kusiyanaku n'kwabwino popanga mankhwala, popeza mankhwala angathe kutseka kinase wa kachilombo osakhudza wa wodwala. Koma pa masamu n'kovuta, chifukwa mndandanda wa mtundu wa PhosphoSitePlus suthandiza. Nambala m ya mu z-score ija, kwa makinase ambiri a kachilombo, ndi 0 kapena 1.

Choncho ofufuza malungo amayamba ndi kumanga mndandanda, ndipo funso limatembenuka: m'malo mochoka pa malo kupita kwa kinase, amatseka kinase mmodzi n'kuona malo amene atsika. Mu 2015 Mahmood Alam, Andrew Tobin, David Baker ndi anzawo anachita izi ndi kinase wotchedwa PKG, amene amalamula kachilombo kuti kaphulitse selo lofiira la magazi n'kukalowa m'lina. Anagwiritsa ntchito mankhwala otchedwa Compound 2. Podziwa kuti mankhwala akhoza kutseka makinase enanso mosayembekezeka, anayesa mitundu iwiri ya kachilombo: kachibadwa, ndi kena kamene PKG wake anasinthidwa mkanda umodzi, wa nambala 618, kuti mankhwalawo asamugwire. Malo amene anatsika mu kachilombo kachibadwa kokha ndi amene anawerengedwa kuti amadalira PKG. Amene anatsika m'mitundu yonse iwiri anachotsedwa, popeza kumeneko mankhwala anagunda pena. Anapeza malo 107 pa mapuloteni 69. Imodzi mwa mapuloteniwo inali CDPK1, yemwenso ndi kinase, kusonyeza kuti ena mwa malo 107 aja mwina samatidwa ndi PKG mwachindunji.

Mu 2020 gulu la Moritz Treeck ku Francis Crick Institute ku London linachita zofanana ndi banja la makinase otchedwa FIKK. Kachilombo ka falciparum kali nawo pafupifupi 20, ndipo ambiri kamawatumiza kunja, m'selo lofiira la munthu. Pochotsa majini awo n'kuyeza phosphate, anapeza kuti kinase aliyense ali ndi malo akeake, ndipo FIKK4.1 amathandiza kuti selo lodwala likhale louma ndiponso lomata ku makoma a mitsempha. Kumata kumeneku ndi kumene kumachitika m'mitsempha ya mu ubongo pa malungo aakulu a ana, amene Terrie Taylor ndi Malcolm Molyneux anayamba kufufuza pa chipatala cha Queen Elizabeth ku Blantyre mu 1986. Mu 2019 gulu la Tobin, lili ku University of Glasgow, linasonyezanso kuti kutseka kinase wina, PfCLK3, kumapha kachilombo m'magazi ndi m'chiwindi komanso kumalepheretsa kuti kapite kwa udzudzu.

Kufupi ndi kwathu kuno, Kelly Chibale, katswiri wa chemistry wobadwira m'boma la Mpika ku Zambia, anayambitsa malo ofufuzira mankhwala a H3D pa University of Cape Town mu 2010. Gulu lake linapanga MMV390048, mankhwala oyamba a malungo otulukiridwa ndi gulu lotsogoleredwa mu Africa kufika poyesedwa pa anthu, ngakhale sanafike pogulitsidwa. Amatseka kinase wotchedwa PI4K. Koma ameneyu amamata phosphate pa mafuta a m'selo osati pa mapuloteni, motero mapazi ake sapezeka mwachindunji m'tebulo la mtundu uja.

Za likodzo, limene anthu a m'mbali mwa nyanja amalitenga posamba, pochapa ndi powedza m'madzi okhala ndi nkhono, mankhwala odalirika ndi amodzi okha, praziquantel. Nyongolotsi ya Schistosoma mansoni ili ndi makinase pafupifupi 250, ndipo popeza ndi nyama, makinase ake ambiri ali ndi abale mwa munthu. Mu 2010 Svenja Beckmann ndi Christoph Grevelding a ku Giessen anaona kuti imatinib, mankhwala a khansa aja, amapha nyongolotsizi m'mbale za m'labotale. Mu 2020 gulu la Anthony Walker ku Kingston University linayeza malo zikwizikwi a phosphate m'nyongolotsi zazikulu. Pano ofufuza amabwereka zokonda za makinase a munthu n'kulosera nazo, zomwe zimatheka bwinoko kusiyana ndi pa malungo, komabe kulosera kumawonjezeka pa kulosera kwina.

Zofunika pochita ntchitoyi

Mass spectrometer ya mtundu umenewu ndi yokwera mtengo kwambiri, imafuna magetsi osathimathima, chipinda chozizira ndi amisiri oikonza. Mbali ya masamu ndi yosiyana. Ofufuza ambiri amaika zotsatira zawo m'nkhokwe ya PRIDE, imene imasungidwa ku Hinxton pafupi ndi Cambridge, ndipo aliyense akhoza kuzitenga kwaulere. Matebulo okonzedwa kale amapezekanso kumapeto kwa malipoti ambiri, kuphatikizapo aja a PKG ndi FIKK, ndipo ndi ang'onoang'ono moti amatseguka pa laputopu wamba. Mindandanda ya PhosphoSitePlus imaperekedwa kwaulere kwa ophunzira ndi ofufuza akalembetsa. Pulogalamu ya R nayonso ndi yaulere, ndipo ili ndi zida monga KSEAapp ndi decoupleR zochitira njira zingapo pa tebulo limodzi. Z-score payokha ingathe kuwerengedwa pa Excel ndi munthu amene anaphunzira avareji, square root ndi standard deviation m'masamu a MSCE.